Namahage, chilombo choopsezera ana chimene amachilandira ndi chakudya

Kumpoto kwa Japan, m'chigawo cha Akita, kuli dera lotchedwa Oga, mtunda wamapiri umene unalowa m'nyanja ngati chala. M'mwezi wa Disembala kumeneko kumazizira koopsa, chipale chofewa chimakwirira minda ndi madenga, ndipo kunja kumada msanga. Usiku wa pa 31 mwezi umenewu, banja likakhala m'nyumba kudikira chaka chatsopano, panja pamamveka kubangula. Posakhalitsa chitseko chimagwedezeka, n'kulowa zilombo ziwiri kapena zitatu za nkhope zofiira kapena zabuluu, mano ali pamtunda, tsitsi lili nyankhalala, thupi lonse litakutidwa ndi mapesi a mpunga. M'midzi ina zimabwera zitanyamula chimpeni ndi ndowa yamatabwa. Zimaponda pansi mwamphamvu, kutsegula zipinda, kusuzumira kuseri kwa katundu, uku zikufuula m'chilankhulo cha komweko kuti, "Naku ko wa inee ga?" Ndiye kuti, muli mwana woliralira muno? Ana amakuwa, ena kuthawira kumsana kwa amayi awo, ena kukakamira khosi la bambo awo, misozi ili chuchuchu.

Amenewa ndiwo a Namahage. Mwa zilombo zonse zoopsezera ana zimene ndinamvapo, ichi ndicho chimaonetsa bwino mmene chinthu choterechi chimagwirira ntchito, chifukwa ku Oga chilombo sichithera pakamwa. Kwathu agogo ankangoti, "Tonthola iwe, fisi ali pakhomo," fisiyo osalowa. Ku Oga chimalowadi m'nyumba, ndipo chikalowa zimaoneka poyera kuti mwana waima pati, kholo laima pati, mudzi waima pati.

Tiyambe ndi dzina, poti limaulula zambiri. M'nyumba zakale za ku Japan munkakhala dzenje la moto pakati pa chipinda, lotchedwa irori, pomwe banja linkaphikira ndi kuothera. Munthu akamangokhala pamoto tsiku ndi tsiku, m'miyendo ndi m'manja mumatuluka mawanga ofiirira, omwe aja timawaona kwa munthu wosachoka pamoto m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ku Oga mawanga amenewa amawatcha namomi, ndipo hagu ndi kusenda. Namomi-hagi ndiye wosenda mawanga a moto, ndipo mawuwa anafupika n'kukhala Namahage. Chimpeni chija n'chosendera. Tsono mlandu woyamba umene chilombochi chinkadzera sunali kulira kwa ana ayi, unali ulesi. M'nyengo yozizira kumunda kunalibe ntchito, koma m'nyumba inalimo yambiri: kupota zingwe, kuluka nsapato ndi zofunda za mapesi, kusoka maukonde, kukonza zida zoti zidzagwire ntchito chipale chikasungunuka. Khomo lokhala ndi munthu wongootha linkalowa m'dzinja lotsatira manja ali m'khosi. Ndipo ulesi wake sunkabisika, unkalembeka pakhungu.

N'chifukwa chake a Namahage safunafuna ana okha. Amafunsanso za mtengwa, mkazi amene wangokwatiwa kumene n'kubwera kudzakhala kwa makolo a mwamuna wake: kodi amadzuka m'mawa, kodi amalemekeza apongozi? Aliyense wongofika kumene pamudzi amakhala pamndandanda. Kwa ife Achewa, kumene mwamuna ndiye amakakhala chikamwini, maso oterewa amakhala pa mkamwini, ndipo amene anakhalapo pachikamwini akudziwa mmene khasu lake limawerengedwera mizere. Kulikonse, chilombo chimatumidwa kwa amene sanazike mizu: mwana amene sanakhwime ndi mlendo amene sanazolowere malamulo a pakhomo.

Chimene makanema afupiafupi a pa intaneti saonetsa n'chakuti ulendo wa a Namahage uli ndi dongosolo lake, ndipo dongosololo ndilo mtima wa nkhani. Zilombo sizingolowa mwachisawawa. Kutsogolo kumapita munthu wosavala chigoba, wotchedwa sakidachi, amene amayamba wafunsa mwini nyumba ngati alendowo angalowe. Pakhomo pamene pachitika maliro chaka chimenecho, kapena pamene pabadwa khanda, zilombo sizilowa. M'mudzi wa Shinzan ngakhale kuponda pansi kuli ndi chiwerengero: kasanu ndi kawiri polowa, kasanu zisanakhale pansi, katatu ponyamuka. Zikatha kubangula ndi kufufuza m'zipinda, mwini nyumba, atavala mwaulemu, amazikhazika pansi, n'kuziikira chakudya patsogolo ndi kuzithirira sake, mowa wa mpunga. Ndiye kumayamba kukambirana, monga mmene akulu amachitira akachezerana. A Namahage amafunsa za zokolola za chaka chimene chikutha, za thanzi la okalamba a pakhomopo, kenaka amatembenukira kwa ana. Amati iwo amaona zonse ali kuphiri: wakuti sawerenga, wakuti sathandiza amayi ake, wakuti amangosewera. Nthawi zina amagwira mwanayo n'kumamukokera kukhomo ngati akupita naye.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti kholo lililonse liyang'anitsitse. Bambo wa mwanayo sagwirizana ndi chilombo. Amamugwira mwana wake, amamuikira kumbuyo, amapepesa m'malo mwake. Amauza a Namahage kuti mwanayu ndi wabwino, walakwitsa apa ndi apo koma chaka chikubwerachi asintha, ndipo ine mwini ndimuyang'anira, inu imwani kaye mowawu. Mwana amalonjeza ndi pakamwa pake. Zilombo zimafewa, zimadalitsa banja kuti chaka chatsopano chikhale cha zokolola ndi nsomba zambiri, zimalandira timikate ta mpunga wosinja totchedwa mochi, n'kuchenjeza kuti chaka chamawa zidzabweranso. Kenaka zimatuluka kulowera khomo lina.

Taganizani zimene mwana wa zaka zisanu waona m'mphindi zochepazo. Waona kuti kunja kuli mphamvu yoposa bambo ake, yoti bambo akewo amaigwadira. Waona kuti zochita zake zimadziwika kunja kwa mpanda. Koma waonanso kuti zinthu zitafika pothina, amene anamukumbatira osamutaya ndi kholo lake. Mantha anabwera ndi mlendo, chitetezo chinachokera m'nyumba. Ndipo chilombocho chinapita, mantha anali ndi poyambira ndi pothera. M'mawa mwake ndi chaka chatsopano, banja likudya pamodzi.

Anthu a ku Oga eni ake sanena kuti a Namahage ndi ziwanda, ngakhale nkhope zake zimafanana ndi za oni, ziwanda za m'nthano za ku Japan. Amati ndi alendo ochokera kwa milungu ya m'mapiri a Shinzan ndi Honzan, obwera kamodzi pachaka kudzachotsa tsoka ndi kusiya mwayi. Kubangula ndi kuponda pansi kuja n'kopirikitsa zoipa m'nyumba. Komabe pali nthano yotchuka imene imawalumikiza ndi ziwanda. Akuti mfumu Wu ya ku China inabwera ku Oga ndi ziwanda zisanu, ndipo ziwandazo zinkatsikira m'midzi kukaba zokolola ndi atsikana. Anthu atatopa anapangana nazo kuti zikamanga masitepe 1,000 amiyala kuchokera kumunsi kukafika pakachisi wa paphiri usiku umodzi, tambala asanalire, azizipatsa mtsikana chaka chilichonse, koma zikalephera zichoke. Ziwandazo zinagwira ntchito mwaliwiro loopsa. Zitafika pa 999, munthu wina analira ngati tambala, ndipo izo poyesa kuti kwacha zinathawa osabwereranso. Masitepe amiyala okwera kukachisi wa Goshado alipo mpaka lero, ndipo anthu amawatchabe masitepe 999. Mwambowu unalembedwa kale ndithu: Sugae Masumi, munthu woyendayenda amene ankalemba ndi kujambula za moyo wa kumidzi, anauona ku Oga mu 1811. Nthawi imeneyo unkachitika pa tsiku la 15 la mwezi woyamba pa kalendala yakale yotsata mwezi, usiku wa mwezi wathunthu. Kusamukira pa 31 Disembala kunadza pambuyo pake.

Mwamwambo, ovala zigoba amakhala anyamata osakwatira a m'mudzi momwemo. Apa pali zinthu ziwiri. Choyamba, mnyamata amene masana sangayerekeze kudzudzula khomo la munthu wamkulu, akavala chigoba amalankhula, ndipo mwini nyumba amamuthirira mowa mwaulemu. Olankhula si iye, ndi mudzi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tonse tikudziwa kuvuta kwake kouza mnansi kuti mwana wake wayamba mwano. Chigoba chimapereka njira yonenera zimenezo popanda udani wotsalira. Chachiwiri, mnyamata amene akubangulayo ndi yemwe uja zaka khumi ndi zisanu zapitazo ankalira kumsana kwa amayi ake. Mwana amayamba ndi kuopa, kenaka amakayikira, kenaka amazindikira, pomaliza amavala yekha n'kusunga chinsinsi pamaso pa ang'ono ake. Mantha aja amasanduka udindo.

Mchewa aliyense akamva izi maganizo amathamangira ku Gule Wamkulu, ndipo kufananako kulipo ndithu: zilombo zochokera kwina, ana kumwazikana zikatulukira, ndi mwambo wophunzitsa kudzera mwa gule. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2018, pamsonkhano wa ku Port Louis ku Mauritius, linaikanso a Namahage pamndandanda womwewo pamodzi ndi miyambo ina isanu ndi inayi ya ku Japan ya milungu yochezera anthu itavala zigoba. Koma Gule ndi nkhani yaikulu kuposa kuopseza ana. Ndi wa pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo za kudambwe sizikambidwa pabwalo. Ndisiyira pomwepa.

Pa miyambo ina ija ya ku Japan, umodzi ndi wofunika kuutchula. Pa zilumba za Koshikijima, kumwera, kuli Toshidon, wa mphuno yaitali, amenenso amabwera usiku wa pa 31 Disembala. Makolo amakhala atamunong'oneza kale zolakwa ndi zabwino za mwana aliyense, choncho mwana amadabwa kuti mlendoyu wadziwa bwanji zonsezi. Akatha kumudzudzula amamuyamikira pa zimene anachita bwino, n'kumuika pamsana chimkate chachikulu cha mpunga choti akwawe nacho kupita kwa makolo ake. Chilombo chomwe chamuliza ndi chomwe chamupatsa mphatso.

Si zilombo zonse zili ndi chifundo chotere. Ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, kuli Grýla, chimzimayi cha kumapiri chimene dzina lake likupezeka kale m'zolembedwa za m'zaka za m'ma 1200. Pofika zaka za m'ma 1600 ankachilumikiza ndi nyengo ya Khirisimasi: chimatsika ndi thumba, kutola ana osamvera, n'kukawaphika mumphika. Mwamuna wake ndi Leppalúði, waulesi wongokhala kuphanga. Ana ake aamuna amatsika mmodzimmodzi masiku 13 Khirisimasi isanakwane, ndipo maina awo akunena okha zimene anthu a kumeneko ankaopa. Pali wonyambita mthiko, wokokota m'miphika, wakuba soseji zoyanika pautsi, wakuba makandulo, poti makandulo akale anali a mafuta a nyama ndipo ankadyeka. Onsewa ndi akuba chakudya, m'dziko limene nkhokwe ikaperewera m'nyengo yozizira anthu ankafa ndi njala. Palinso chimphaka chachikulu chodya aliyense amene sanalandire chovala chatsopano Khirisimasi isanafike. Poyamba zimamveka ngati kulanga mmphawi, koma kumbuyo kwake kuli ntchito ya ubweya wa nkhosa: pakhomo aliyense ankayenera kupota ndi kuluka kuti ubweya wa chaka chimenecho uthe nthawi yake isanakwane, ndipo wogwira ntchito molimbika ndiye ankapatsidwa chovala. Mphakayo ndi Namahage wa ku Iceland, kapitawo wa ntchito za m'nyengo yozizira.

Kusiyana kwake n'kwakuti Grýla sakhala pansi kuti akambirane ndi bambo wa mwana. Palibe chopepesa, palibe lonjezo, pali mphika basi. Mantha ake anafika poti mu 1746, Iceland ili pansi pa mfumu ya Denmark, kunatuluka lamulo loletsa makolo kuopseza ana ndi zilombo zoterezi. Ndimaona kuti chaka chimenechi n'chofunika kuchikumbukira, chifukwa ena amaganiza kuti kudandaula za kuopseza ana n'kwa makolo a masiku ano ofewa mitima. Anthu anaona vutoli zaka zoposa 270 zapitazo. M'kupita kwa nthawi ana a Grýla anafewa. Ndakatulo ina ya mu 1932 inakhazikitsa maina 13 amene akudziwika lero, ndipo tsopano ana amaika nsapato pawindo kuti alandiremo timphatso. Wosamvera amapezamo mbatata ya kachewere yowola.

Ukaziika pamodzi zilombo za m'maiko osiyanasiyana, umaona kuti zambiri zimaima pamalo pamene pali ngozi yeniyeni. Ku Japan komweko kuli kappa, kachilombo ka m'madzi kokhala ndi kambale pamutu, kamene akuti kamakokera ana pansi pa mtsinje, ndipo mpaka lero chithunzi chake chimajambulidwa pa zikwangwani zochenjeza ana m'mbali mwa maiwe ndi ngalande. Mwana wa zaka zinayi sungamufotokozere za kuya kwa dziwe ndi liwiro la madzi n'kumvetsa, koma kappa amamumva msanga. Fisi wa agogo uja nayenso sanali wopeka. M'midzi yoyandikana ndi mapiri ndi nkhalango afisi amayendadi usiku, ndipo mwana wotuluka yekha mumdima ali pangozi. Chilombo chotere ndi mpanda womangidwa ndi mawu pamalo pamene mpanda wa mitengo sungafike, ndipo ine sindingaweruze mayi amene anaumanga ali ndi ana asanu, mtsinje uli kuseri kwa nyumba.

Chimene chimandiwawa ndi mtundu wina wa kuopseza, umene umamveka m'minibasi, pamsika ndi pamzere wa kuchipatala. "Ukapanda kutonthola adokotala akubaya jakisoni." "Ndikuitanira apolisi akumange." "Ndikusiya pompano, akutenge amisala." Apa chilombo si cha kuphiri ayi, ndi munthu weniweni amene tsiku lina mwanayo adzamufuna. Mwana amene wakula akumva kuti namwino ndi chilango amalimbana pa tsiku la katemera, ndipo akadwala amabisa. Mwana amene anauzidwa kuti wapolisi amagwira ana, akasochera mumzinda amathawa yunifolomu imene ikanamuperekeza kwawo. Munthu wodwala matenda a maganizo, amene ali kale pamavuto, timamusandutsa chilombo pamaso pa ana, kenaka n'kumadabwa akamamugenda. Kuonjezera apo, m'mawu onsewa kholo laima mbali ya chilombo. Ndilo likuchiitana, ndilo likuti likusiya. Mwana alibe msana wothawirako. Kuopseza kumeneku kulibenso tsiku lake, kumabwera nthawi iliyonse imene wamkulu watopa, pa mlandu waukulu ndi waung'ono womwe, ndipo mwana wamng'ono, amene sanayambe kusiyanitsa bwino zenizeni ndi zongoyerekeza, amagona nako ndi kudzuka nako.

Ku Japan nakonso njira yachidule imeneyi inafika. Kuli pulogalamu ya pafoni yotchedwa Oni kara Denwa, kutanthauza foni yochokera kwa chiwanda. Mwana akakana kudya kapena kugona, kholo limadina, foni imalira, ndipo pagalasi pamatuluka nkhope ya oni ikukalipa. Makolo ambiri anaikonda chifukwa imagwira ntchito pompopompo, ena anaidzudzula kwambiri. Nkhope yake ndi yofanana ndi ya Namahage, koma china chilichonse chachotsedwapo. Palibe wofunsa ngati pakhomo pali maliro, palibe chakudya, palibe bambo wopepesera mwana wake, palibe dalitso potsazika, ndipo chiwandacho chimakhala m'thumba la amayi chaka chonse.

Sindikunena kuti mwambo wa ku Oga ulibe banga. Mwana amene akukuwa m'manja mwa chilombo akuopa zenizeni, ndipo ana sapirira mofanana: wina m'mawa waiwala, wina amalota zoopsa kwa masiku. Chigoba chikakumana ndi mowa wa khomo lililonse chimathanso kubisa khalidwe loipa. Usiku wa pa 31 Disembala 2007, mnyamata wina atavala za Namahage, ataledzera, analowa m'bafa la amayi pa nyumba ina ya alendo m'deralo n'kuwagwiragwira. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, ndipo akuluakulu a ku Oga anachita kukhalirana pansi kuti akhwimitse malamulo a mwambowu. Mphamvu imene mudzi umabwereka kwa wovala chigoba imafuna akulu oiyang'anira, apo ayi imagwera osalakwa.

Masiku ano chimene chikuopseza a Namahage eni ake ndi kusowa kwa ana. Akita ndi chigawo chimene chili ndi gawo lalikulu la okalamba kuposa zigawo zonse za Japan, ndipo chiwerengero cha anthu ake chinatsika kufika pansi pa 1 miliyoni mu 2017. Mzinda wa Oga uli ndi anthu osakwana 30,000. Achinyamata amapita ku Sendai ndi ku Tokyo kukafuna sukulu ndi ntchito, ndipo midzi ina inasiya mwambowu chifukwa chosowa ovala zigoba. Ina inamasula malamulo, n'kuyamba kulola amuna okwatira, achikulire, ngakhale ophunzira ochokera kunja. Mabanja ena amalandirira zilombozo pakhomo pokha, poopa mapesi ndi matope m'nyumba. Boma la Japan linaika mwambowu m'gulu la chuma chotetezedwa mu 1978, pafupi ndi kachisi wa Shinzan pali nyumba yosungiramo zigoba zoposa 100 za m'midzi yosiyanasiyana, ndipo mwezi wa Febuluwale kumachitika chikondwerero cha Sedo, pamene a Namahage amatsika phiri atanyamula miuni alendo odzaona malo akujambula. Koma cha alendo ndi chionetsero. Mwambo weniweni ndi uja wa usiku umodzi, khomo ndi khomo, pakati pa anthu odziwana maina.

M'makomo ambiri a ku Oga tsopano mulibe mwana woti n'kumufunafuna. A Namahage amabangulabe polowa, amapondabe pansi, kenaka amakhala pansi ndi agogo awiri otsala pakhomopo n'kuwafunsa za miyendo ndi msana, ndi zoti adzukulu a ku Tokyo abwera liti. Akatuluka, mapesi amene agwa pa zovala zawo satayidwa usiku umenewo. Amawasiya pomwe agwera mpaka kucha, kenaka amawatola n'kuwasunga, ena amawamanga kumutu kapena kusisita nawo pamene pakupweteka, poti amakhulupirira kuti amateteza ku matenda chaka chonse.